Shoti

Zaka makumi atatu ndakhala ndikuluka mamota pa Kaphatenga,
a zigayo, a mapampu a mpunga ku Lifuwu,
ndipo mota yopsa ndimaidziwa ndi mphuno
mwini wake asanaitsitse pa ngolo.
Yanga yokha sindinainunkhize.

Mtima unandigwetsa Lachiwiri, sipanala ili m'manja,
pachifuwa ngati andisanjikira matumba a simenti.
Ndinadzuka. Anthu anati Mulungu ngwamkulu.
Nangozo anafulula thobwa la akwaya.
Palibe anatiuza kuti mtima ukapola umatsala ndi chipsera
ndipo chipseracho sichigona.

Itatha miyezi isanu ndi iwiri unayamba kuthamanga,
osati ngati wa munthu wothawa galu, ayi,
koma ngati lamba wa chigayo akaduka,
injini n'kumalira yokha, osagaya kanthu.
M'maso bii. Thukuta. Dothi kukamwa.
Kuchipatala cha boma a Chimbalanga anatambasula pepala lalitali lija,
mizere yake ngati mano a sowo,
n'kuitana ambulansi asanamalize kundifunsa dzina.

Za mndandanda wa opita kunja sindinena zambiri.
Ng'ombe ziwiri zinapita.
Puloti ya ku Chipoka inapita.
Dzina langa linkakwera ngati nkhono pakhoma.

Dokotala wakutsidyako, wamsinkhu wa Tiferanji wanga,
anajambula mtima kuseri kwa envulopu.
Anati m'chipseramo mwatsala timinofu tamoyo,
magetsi akalowamo amasochera,
n'kumazungulira, kuzungulira, osapeza khomo.
Ndinati, Mayi, imeneyo ndi shoti.
Womasulira anaseka.
Iye sanaseke. Anagwedeza mutu, n'kundipatsa cholembera
kuti ndimuonetse pamene ine ndikanadula.

Analowera m'mphechepeche, ine ndili maso pang'ono,
kawaya kowonda ngati ka buleki ya njinga
kakukwera mumtsempha mwakachetechete
monga mbala yoidziwa nyumba.
Pa sikirini mtima wanga unasanduka mapu,
pofiira m'pamene panafa.
Anauputa dala kuti uthamange,
monga ine ndimayatsira mota yodwala kuti ndimve polira.
Kenako anawotcha. Kadontho.
Kadontho kena.
Ndinawerenga mpaka khumi ndi zinayi, tulo n'kundilanda.
Akuti anauputanso, kawiri, katatu.
Unakana.

Maola asanu ndi limodzi chagada, mwendo osapinda,
ndikuganiza za waya wa kopa amene ndinasiya pangongole.

Ndabwera ndi kabokosi pansi pa khungu, mmunsi mwa phewa,
mlonda wosalipidwa amene akuti adzandimenya chibakera
tsiku limene mtima udzayambirenso misala.
Mapiritsi anayi mmawa, awiri madzulo.
Sanandilonjeze kanthu. Ndinamukonda chifukwa cha chimenecho.
Koma potsanzikana anawonjeza mawu aang'ono:
kuwotcherera zitsulo, basi;
mota ikamalira, mukhale patali.

Patali.
Ine, Kamphinda, amene zala zanga zili ndi zipsera za malaiti!

Tsono ndimakhala pampando pansi pa msangu,
mapazi khumi kuchokera pakhomo la shopu,
Zakeyu akuluka, ine ndikuwerenga mokuwa:
makumi anayi ndi ziwiri, iwe, osati zitatu!
Amanamizira kusamva.
Dzulo wayatsa yake yoyamba osandifunsa,
ndipo inalira bwino, mwana wa mfiti,
inalira bwino moti ndinayang'ana kumsewu
ngati ndikuwerenga malole a ku Dwangwa.

Usiku magetsi akathima tauni yonse,
mafiriji ndi mawailesi zili zii,
Nangozo amasendera, n'kuika khutu pachifuwa panga.
Akuti pilo wake ngwolimba.
Ine sindimutsutsa.
Ndimagwira mpweya pang'ono kuti amve bwino,
ndipo tonse awiri timamvetsera
kamota kakale, kolukidwanso ndi manja a mwana wa eni,
kakuti gu, gu, gu,
osafulumira.